Akundiletsa Kukhoma Malata

Lachiwili a Daka anandipeza pakhonde ndikuswa nshawa, zimene ena amati mtedza. A Daka ndiwo wapampando wa komiti ya alendo m'mudzi mwathu, kuno kwa Kalindawalo. Mudziwu anausankha kuti ukhale "mudzi wa chikhalidwe", ndiye alendo amapatuka pamsewu wa ku Chipata kudzajambula nyumba za udzu, nkhokwe ndi ife tikusinja.

Anabwela ndi mtsikana wa ku Lusaka, amene akuti anatumidwa kudzaona ngati ntchitoyi ingakhalitse.

"Anyina Tisa," anatelo a Daka, "malata ali kuseli kwa nkhokwe aja ndi a chiyani?"

"Ndi a padenga, bambo. Kapena kwanu mumafunda?"

Mtsikana uja anaseka. A Daka sanaseke.

"Musakhome. Nyumba yanu ndiyo alendo amaikonda. Mukakhoma, sitidzawabweletsanso pano, ndipo nshawa zanu mukagulitsa kwina."

Apo anandigwila pakhosi, chifukwa nshawa zokazinga zimene alendo amagula ndizo sopo ndi mchele wanga.

Koma denga limene amalikondalo ankafolela ndi malemu amuna anga, awisi Tisa. Ine ndinkamweta udzu kudambo, iwo ankafula luzi ndi kukwela pamwamba. Tinawaika m'manda chaka chatha, nthawi yokolola. Dzinja lotsatila denga linadontha mpaka ufa unachita nkhungu, ndipo ndicho chifukwa mwana wanga Tisa anatumiza malata kuchokela ku Chipata.

Inu owelenga, mukuganiza kuti denga la udzu limadzimela lokha ngati bowa?

Dambo limene tinkamwetako analima thonje. Udzu wotsala amautentha osaka mbewa usanakhwime n'komwe. Kale ukafulula mowa amuna ankabwela kudzafolela, dzuwa likamapendeka nyumba yatha. Lelo anyamata ali paboma ku Petauke, akunyamula anthu panjinga zamoto. Odziwa kufolela atsala okalamba, ndipo mawondo sawalola kukwela.

Mtsikana uja anandifunsa ngati ndimanyadila chikhalidwe changa. Ndinati inde. Anafunsa ngati ana akuphunzila magule. Ndinati ena. Za amene adzakwela padenga sanafunse, ndipo nditayamba kufotokoza, a Daka anati tiyeni mukaone oumba mbiya.

Pamenepo m'pamene mtima wanga unayamba kukayika.

A Daka amagona m'nyumba ya malata, kutsidya kwa sukulu, kumene alendo sawapititsa. A komiti ena chimodzimodzi. Nyumba zojambulidwa n'za ife amasiye ndi nkhalamba. Kodi anatisankha chifukwa timasunga mwambo, kapena chifukwa tinalibe pothawila? Nanga umphawi wathu ukatha, iwo adzaonetsa chiyani?

Ndinamva kwa mlamu wanga wa ku Nyimba kuti kumenekonso akufuna kuyambitsa zomwezi. Ndinamuuza kuti afunse kaye amene adzagona m'nyumbazo.

Alendo sindidana nawo. Amapeleka moni bwino, ena amayesa kugwila munsi n'kutiseketsa. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amabwela chilimwe, msewu uli wouma, udzu ukuwala padzuwa. Mu Januwale palibe galimoto imafika kuno. Palibe anajambulapo mphasa yonyowa.

Ngati akufuna mudzi wa udzu, amange nyumba zawo zoonetsa, asunge dambo, aphunzitse anyamata kufolela. Zikatelo ndidzakhulupilila kuti ntchitoyi ndi yokhalitsa. Yotsamila pa mkazi wamasiye yatha kale, ingoyembekezela malilo ake.

Dzulo ndinapita kwa a Daka. Ndinati abweletse udzu ndi munthu wofolela mvula yoyamba isanagwe, apo ayi ndiitana kalipentala. Anati komiti ikhala pansi ikambilane.

Mitambo yayamba kale kusonkhana chakum'mawa. Inu mukanakhala ine, mukanadikila komiti?