Dzenje la pa phazi la Tamanda

Masaya a mwana wathu Tamanda anayamba kudzaza mu Januwale, chimanga chitatha kale m'nyumba. Tinasangalala, opusafe, nkumati mwana akunenepa ndi phala la gaga. Kenaka mapazi anatupa, tsitsi linafiira, khungu la m'ntchafu linayamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Anasiya kuseka, ndipo phala ankalikankha.

Ndinali mkamwini ku Mtakataka, ndipo nthawi imeneyo ndinkagonera ku Golomoti pa ganyu yosenza matumba. Apongozi anga aakazi sanachedwe kupeza chifukwa: tsempho. Ankati ndayenda ndi mkazi wina, ndamsempha mwana. Ndinakana mpaka mawu anasasa. Milungu inapita akumumwetsa mizu ndi kudikira kuti ndiulule chimene sindinachite, mwana akufufumabe. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Tsiku limene zikope zake zinatupa mpaka kutseka maso, ndinamukweza pa njinga pamodzi ndi mayi ake osapempha chilolezo kwa munthu. Pa chipatala chaching'ono tinakhala pa mzere mpaka dzuwa kupendeka. Amene anatiwona anali medikolo asisitanti, ngakhale ife timangoti adokotala. Sanafunse kumene ndimagona. Anadina mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, ndipo atachotsa, maenje anatsala ngati pa dothi lonyowa. Anakoka chikope cha m'munsi, m'kati muli mbuu. Anayeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu, anamvetsera m'chifuwa, nkumuika choyezera kutentha m'khwapa.

"Uku si kunenepa, bambo, ndi madzi. Thupi lasowa zakudya," anatero. "Mupite ku chipatala cha Mua lero. Akayamba kuchira sikelo idzatsika. Musadzathawe naye."

Ku wodi moyo unali umodzimodzi tsiku lililonse: mkaka pang'ono pang'ono kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, jakisoni, kumufunditsa ngakhale kunja kukutentha, ndi sikelo m'mawa. Mwana wa bedi loyandikana ndi lathu anamwalira ife tikuona, anabwera naye mochedwa.

Ndiye sikelo inayamba kutsika. Madzi ataphwa, kunatsala kamwana ka nthiti zokhazokha, khungu lili lende. Apongozi atabwera kudzazonda analira mokweza. "Amutha mwana kuno! Tiyeni azikafera kwathu." Mkazi wanga anayamba kumanga zovala m'chitenje. Inenso mantha anandigwira, sindinama, koma ndinakumbukira mawu a medikolo asisitanti uja ndipo ndinaima pa khomo. Ndinaitana anamwino. Anadina phazi pamaso pathu tonse, dzenje silinatsale.

"Apa ndiye wayamba kuchira. Mukamuchotsa pano, mukamuika m'manda," anatero anamwinowo.

Mkazi wanga anakhala. Tamanda atamupatsa chiponde ananyambita yekha, ndipo tinatuluka naye chimanga chikukhwima m'minda.

Lero Tamanda akuyenda, ngakhale ndi wamfupi kuposa anzake. Banja lokha silinachire. Kuchikamwini amakhulupirirabe kuti ndinamsempha, ndipo anandipatsa njinga yanga kuti ndizipita. Makolo anzanga, mwana akatupa musayambe ndi milandu. Milandu imadikira, mwana sadikira. Thamangani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Tamanda ndimamuona Lamlungu lokha, pansi pa mtengo wa bwemba kunja kwa mudzi wawo. Amadziwa kale. Ndisanamupatse nkomwe mtedza umene ndamutengera, amakhala pansi, nkunditambasulira kaphazi kuti ndidine.