Bambo akukana kubwerera kuchipatala

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Milonde zinthu sizili bwino.

Paja bambo potuluka m'chipatala anapatsidwa makina oyezera BP, kuti amayi azitumiza chithunzi cha zotsatira kwa anesi m'mawa uliwonse. Lero anesiwo andiimbira n'kufunsa kuti, "Kodi bambo anu amavala chibangili?"

Nditachiona chithunzicho, mkonowo ndi wa amayi! Nditawafunsa, ayankha akulira: "Anandipempha ndi bambo ako kuti ndizidziyeza ineyo. Akuopa kukagonekedwanso."

Ndawayeza ndekha bambowo, BP yakwera koopsa. Anesi akuti tipite nawo lero lomwe, koma iwo angokhala pakhonde, akuti sapita kulikonse.

Achimwene, aimbireni, inu amakumverani. Enanu mukuti bwanji, tiwanyamule mokakamiza? Yankhani msanga, wanjinga yamoto akudikira panja.