A Rakele ndi Nkhope za pa Mitengo

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sindine wolemba mabuku. Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ya m'mudzi mwathu, kumpoto kwa Metangula panjira ya ku Msumba, ndipo zomwe ndinalembapo ndi mayeso a ana ndi malipoti a misonkhano basi. Kusukulu tinkaphunzira m'Chipwitikizi, Chinyanja ndinangoyamwa, choncho pomwe ndaphonya mundikhululukire. Ndalimba mtima chifukwa pali mayi wina amene ndakhala naye mudzi umodzi zaka khumi ndi chimodzi osamudziwa, ndipo kusadziwako kunatsala pang'ono kuwonongetsa mbiri ya munthu wosalakwa.

Dzina lawo ndi a Rakele. Zaka zawo sindinganene motsimikiza. Iwo amati makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, mng'ono wawo amati amabisa zina. Ntchito yawo ndi yowamba nsomba. M'mawa amagula kampango ndi milamba kwa asodzi, kuzitumbula, kuziwamba, ndipo Lachisanu amakwera nazo chapa, minibasi ya kwathu kuno, kukagulitsa ku Maniamba. Ndi aafupi, osabisa mawu. Tsiku lina anandifunsa pamaso pa ana a sukulu ngati thalauzi langa ndinalifupikitsa dala kuti ndizikakokera khoka. Kuyambira pamenepo ndinkawapatsa moni ndili chapatali.

Chaka chatha mudzi wathu unalandira thanki ya madzi, pampu yoyendera dzuwa ndi mipopi inayi. Wina angafunse kuti anthu okhala m'mbali mwa nyanja angakanganirenji madzi. Nkhani yake ndi yakuti mabanja amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha anapeza malo a kugombe atadzaza, ndiye anamanga kumtunda. Mipopi inayi yonse inathera kumunsi. Panatsala mapaipi okwanira mpopi umodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mawu a wapampando wa komiti ya madzi ndiwo adzalemere posankha komwe mpopiwo upite.

Anaimira mpandowo anali awiri. Woyamba anali Basilio, mwana wa a Rakele, kalipentala wa kumtunda. Wachiwiri anali Yassine wa kugombe, amene amakonza mainjini a maboti, yemwenso ankadzutsa pampu ija ikafa. Ine anandisankha kukhala mlembi wa gulu loyendetsa chisankho, ati chifukwa ndimalemba zooneka bwino.

Basilio anapita ku Metangula n'kukasindikiza mapepala khumi ndi awiri. Pamwamba panali nkhope yake atavala malaya oyera, m'munsi dzina lake ndi mawu akuti "Madzi akwere kumtunda". Yassine ataona, anakasindikizanso ake. Mapepalawo anakhomedwa pa mitengo ya mango, pa mlambe wa pamphambano ndi pakhoma la thanki. Kwathu kuno zinali zachilendo, moti anthu ankaima n'kumakambirana kuti wajambulidwa bwino ndani.

Patapita masiku atatu, pepala la Basilio la pathanki linapezeka lilibe nkhope. Silinang'ambidwe. Panali bowo la ngodya zinayi, lodulidwa mowongoka, ndipo dzina, mawu, ngakhale kolala ya malaya zinatsala. M'mawa mwake awiri ena. Pomatha sabata nkhope zisanu ndi ziwiri zinali zitapita, koma mapepala a Yassine palibe anawakhudza.

A kumtunda sanachedwe kunena kuti ndi a kugombe. Kenako kunamveka zoti nkhopezo zikupita kwa sing'anga kuti Basilio adwale lisanafike tsiku lovota. Basilio anabwera kunyumba kwanga maso ali psu, n'kundikumbutsa lamulo lomwe tinagwirizana, loti woimira amene anthu ake awononga za mnzake achotsedwe pa mndandanda. Anati ndilembe lipoti. Ndinatenga rula, n'kuyenda mtengo ndi mtengo kuyeza mabowo aja, ndipo ndinalemba tsiku ndi malo a lililonse. Kumapeto ndinaikapo mawu akuti zikuoneka kuti owononga ndi a mbali ya a Yassine. Gulu lathu linaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse Loweruka kuti ligamule zomuchotsa.

Lachiwiri Yassine anandipeza pakhomo la kalasi, manja ali ndi girisi.

"Aphunzitsi, munandiona ine ndikudula?"

Ndinati ayi.

"Nanga munaona ndani?"

Ndinati palibe. Sanakwiye. Anangonena kuti mpandowo atha kuusiya lero lomwe, koma mbiri yoti amatengera nkhope za anthu kwa sing'anga sidzamuchoka. Asodzi atatu anali atabwera kale kudzatenga mainjini awo asanamalize kuwakonza, ndipo mkazi wake akafika pampopi, azimayi ankasuntha ndowa zawo.

Atachoka ndinayamba kuganizira chinthu chomwe ndinachiona poyeza paja koma osachilemba. Munthu wokwiya amang'amba, kapena kupaka matope. Uyu ankadula mosamala, ngati akuopa kupweteka khutu la pachithunzi. M'mphepete mwa mabowo munkateranso ntchentche, ndipo nditanunkhiza ndinamva nsomba. Koma kwathu kuno ngakhale makope a ana amanunkha nsomba, ndiye sizinandithandize kanthu.

Lachinayi tinaweruka msanga. Dzuwa linali pamutu, anthu onse ali m'mithunzi, msewu uli zii. Nditafika pamphambano ndinaona dengu pansi, ndipo a Rakele atakwera pamwala, mpeni wawo wotumbulira nsomba uli m'manja. Anali atadula kale mbali ziwiri za nkhope ya Basilio pa pepala la pa mlambe. Anatembenuka, anandiyang'ana, osadzidzimuka n'komwe.

"Gwirani apa aphunzitsi, mphepo ikundisokoneza."

Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndinagwira. Anamaliza kudula, anapukuta nkhopeyo pa nsalu yawo, n'kundiuza kuti ndiwanyamulire dengu popeza ndili ndi mafunso.

Kunyumba kwawo anakhala pafupi ndi ng'anjo, akutembenuza nsomba, n'kumandifotokozera. Mu 1986 anathawa nkhondo pa ngalawa, Basilio ali kumsana. Amuna awo, a Januário, anali atakwera ku Maniamba kukatenga amayi awo, ndipo anapangana kuti akakumana kutsidya. A Rakele anakafika ku msasa wa othawa nkhondo cha ku Nkhata Bay. Kumeneko kunali anthu othandiza kufufuza osowa, ndipo amene anali ndi chithunzi cha m'bale wake ankachipereka kuti achikhome pa bolodi lomwe linali panja pa ofesi. A Rakele anali ndi chimodzi chokha, chaching'ono, chotsala pomwe amuna awo ankapangitsa chiphaso. Anachipereka.

Tsiku lililonse ankapita kukachiona. Mwezi woyamba chinali bwino. Kenako chinayamba kuyera, kuyambira pamphumi. Anapempha kuti awabwezere, koma anawauza kuti apirire, mwina mawa lomwe abwera wina wowazindikira. Mvula itadutsa panatsala kapepala koyera ndi dzina m'munsi. A Januário sanapezeke mpaka lero.

"Dzuwa limadya nkhope, aphunzitsi. Inu mumaphunzitsa, koma izi ndinaziona ine."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa jumbo. M'kati munali nkhope zonse, zoyalidwa bwino pakati pa nsalu ya mpango. Anati Basilio sawakumbuka bambo ake, ndipo sadziwa kuti pachithunzi chija, ndi malaya oyerawo, ndi iwowo ndendende. Tsiku lomwe ankakhoma anamuletsa, iye n'kuseka kuti amama, izi ndi ndale. Ndiye anangoyamba kuchotsa okha, imodzi kapena ziwiri patsiku, pochokera kugombe. Sankabisala. Kungoti masana palibe amene amayang'ana mayi wa dengu ndi mpeni.

Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti Loweruka Yassine achotsedwa chifukwa cha zimenezi. Anati zamvekadi kuti anthu akulongolola, koma munthu amene sanachite kanthu angamuchotse bwanji. Ndinayankha kuti pali lipoti.

"Analemba ndani?"

"Ndine, amayi."

"Munalemba zomwe simunaone?"

Ndinafotokoza za rula, za masiku, za lamulo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iwo adula mapepala, koma wadula Yassine ndine. Anandipatsa kampango mmodzi kuti ndizipita. Ndinaiwala kuwafunsa ngati ndingatchule dzina lawo pamsonkhano, ndipo Lachisanu anali ku Maniamba.

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mango a kusukulu, a kumtunda mbali yawo, a kugombe mbali yawo. Atandiitana kuti ndiwerenge lipoti, ndinaimirira n'kunena kuti ndikulibweza, chifukwa mawu omaliza ndinalemba popanda umboni, ndipo tsopano ndikudziwa kuti si Yassine kapena anthu ake. Basilio anafunsa kuti ndiye ndani. Ndinati sindinaloledwe kunena. Phokoso linabuka. Wina kumbuyo anakuwa kuti aphunzitsi awagula, anawaona Lachinayi atanyamula kampango. Ndinaona kuti akulu a gulu lathu ayamba kunong'onezana zongopitiriza kugamula.

Pamenepo a Rakele anadzuka pakati pa azimayi. Anayenda osafulumira, anamasula jumbo yomwe anamanga m'chiuno, n'kuiika pamiyendo pa mwana wawo.

"Werenga. Palibe yapita kwa sing'anga. Dzina lako ndakusiyira, mawu ako ndakusiyira. Nkhope yakoyo alipo amene sakuidziwa m'mudzi muno?"

Anthu anayamba kuseka, a mbali zonse ziwiri. Basilio anakhala atagwira jumbo ija, osakweza mutu. Anawafunsa motsitsa mawu kuti amama, chifukwa chiyani. Iwo anati za chifukwa akakambirana kunyumba. Yassine anafunsa kuti nanga zake anazisiyiranji padzuwa.

"Iwe uli ndi amayi ako," anatero a Rakele, n'kubwerera pamalo pawo.

Dzina la Yassine linatsala pa mndandanda. Sabata yotsatira anapambana ndi mavoti ochepa, ndipo a kumtunda ena amati Basilio anagwa chifukwa cha kusekedwa kuja. Sindingatsimikize. Za mpopi wachisanu komiti ikukambiranabe. Mainjini aja anabwerera kwa Yassine, awiri mwa atatu. Basilio anatha masabata awiri osadya kwa amayi ake, kenako ndinamuona akuwakonzera denga la ng'anjo. Ngati anamuuza za a Januário sindikudziwa. Nditawafunsa a Rakele ngati ndingalembe nkhaniyi anati lembani, mwina Basilio akaiwerenga pamapepala amva, popeza amakhulupirira mapepala kuposa amayi ake.

A Rakele akadali kuwamba nsomba. Masiku ano ndimawapatsa moni ndili pafupi, ndipo ndimafunsa zambiri, za msasa uja, za momwe anamangira nyumba yawo kumtunda okha, za mng'ono wawo amene amakangana naye za zaka. Zina amayankha, zina amati ndikufunsa ngati wapolisi.

Komiti yatsopano yandipempha kuti ndipitirize ulembi, ndipo ndavomera. Koma ndatsimikiza mtima kuti dzina la munthu sindidzaliikanso mu lipoti ndisanafike pakhomo pake n'kumufunsa ndekha. Kwa Yassine sindinapitebe. Ndakhala ndikudziuza kuti zomwe ndinanena pamsonkhano zinakwanira, koma iye anabwera yekha pakhomo la kalasi yanga. Mawa ndikaweruka ndipita kugombe, ndikapepese kwa iye ndi kwa mkazi wake.