Nthanga za azakhali a Eufrosina

"Mawangawo ndi chizindikiro changa, iwe wa ku California," anatero azakhali anga a Eufrosina, akundilanda tsamba la nkhwani m'manja. "Maungu a mayi anga amavala chonchi."

"Si chovala ichi, azakhali. Ndi matenda."

"Zaka zisanu zothirira mbewu za eni, basi wabwerako dokotala?"

Azakhali sanakwatiwe ndipo analibe mwana. M'mudzi mwathu, kuchigwa cha Oaxaca, ankadziwika ndi nthanga za maungu zimene anawasiyira mayi awo. Chaka chilichonse pa tsiku la San Isidro, wansembe akadalitsa mbewu, iwo ankaima pakhomo la tchalitchi ndi chipanda n'kumatapira aliyense dzanja limodzi. Pokolola ankangofunsa kuti, "Ana anga aja abereka bwanji?"

Ine ndinabwerera kwathu ndili ndi phuma lofuna kukonza chilichonse. Masamba anali okwinyika, maungu ali zotupa zokhazokha. Ndinapita nawo masambawo kwa akatswiri a zaulimi mumzinda. Patatha milungu iwiri anandipatsa pepala: ndi vayirasi, amafala ndi tizilombo todya masamba, komanso amabisala m'nthanga momwe.

Ndikanatha kuwauzira azakhali kukhitchini, tili awiri. Koma ndinakanenera pakhomo la tchalitchi pa tsiku la San Isidro, anthu atatambasula kale manja. Amayi ena anabwezera nthanga m'chipanda mwakachetechete.

Azakhali sanakangane nane. Atafika kunyumba anakhuthulira chipanda chonse pamoto, ndi nthanga zimene ankasunga m'mabotolo zomwe.

Nditaimba foni kwa akatswiri aja, mayi amene anayankha anadabwa. "Zonse? Si nthanga iliyonse ili ndi matenda, achimwene. Mukanafesa padera, n'kumazula zodwala zikangomera." Zimenezo zinalembedwa kuseri kwa pepala lija. Sindinalitembenuze.

Anansi nawonso anali atakazinga nthanga zawo zakale n'kudya. Chaka chino pa San Isidro azakhali anakhala kumbuyo m'tchalitchi, n'kutuluka mwambo usanathe.

Lamulungu lapitali ku msika wa Tlacolula ndinapeza mayi wa kumapiri akugulitsa maungu a khosi lopindika, onga athu aja.

"Mbewu yake munaitenga kuti, mayi?"

"Kwa mayi wina wa kuchigwa, kalekale. Mugula, kapena ndinu apolisi?"

Sindikudziwa ngati ndi omwewo. Ndinasankha kadzungu kosalala, kopanda chotupa n'chimodzi chomwe, ndipo m'basi ndinakanyamula pamiyendo mpaka kwathu.