Ndodo ya apongozi a Apiipii

Alamu anga timawatchula kuti Apiipii. Dzinali anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba, chifukwa chilichonse chomwe manja awo akhudza chimayamba kulira. Amagwira ntchito pakampani ina yaing'ono yopanga tizipangizo tamagetsi, ndipo gawo lawo n'losankha momwe chipangizo chiziyankhira mwini wake: chilire kapena chinjenjemere. Iwo amasankha kulira basi. Kwawo chitseko chimaimba, thanki yamadzi ikadzaza imaliza likhweru, ngakhale ketulo ili ndi kanyimbo kake. Mchemwali wanga amati anakwatiwa ndi munthu mmodzi koma amakhala ndi kwaya.

Maso a bambo athu atayamba kufooka, alamuwo anawapangira ndodo yokhala ndi kadiso kamagetsi. Ikaona chinthu kutsogolo, inkalira kuti piipii.

Bambo ananyamuka nayo, ati kukacheza kwa ometa tsitsi. Ndodo inalirira mtengo wamagetsi, inalirira galimoto yoima, ndipo mwini golosale wina wamimba yaikulu inayamba kumulirira akadali patali. Izo zinali zopirira. Choipa n'chakuti msewu wonse unamva pomwe kulirako kunathera: pageti pa mayi ena amasiye, aphunzitsi opuma ntchito. Pomwe bambo ankabwerera, nkhani inali itafika kale kunyumba.

Anaika ndodo kuseri kwa chitseko n'kukhala pampando wapawindo. Munthu woti phazi silinkamukhala pansi anasiyiratu kutuluka, ndipo ankaoneka kuti akufota.

Apiipii anabwera n'kunjuta pambali pa mpando. "Bambo, yalakwa chiyani? Kapena sinalire?"

"Kulira yalira, mwananga," anatero bambo. "Ine ndimafuna ndodo, iwe wandipatsa mtolankhani."

Mchemwali wanga anayankhira kukhitchini. "Isiyeni izilira, ine ndizidziwa komwe ali."

"Wamva?" anatero bambo. "Ndi zomwezo."

Alamu sankakonda kulira mwachibwana ayi. Ankati phokoso munthu sangaliphonye, pomwe kunjenjemera kumatha kudutsa osakumva, ndiye nanga apongozi akagwera m'ngalande adzanena chiyani? Komabe anachotsa kolirako n'kuika kamota konjenjemeretsa chogwirira. Poyesa pabalaza, bambo anayenda mwamphamvu mpaka kukagunda tebulo. Anakulira mu ukalipentala, zikhatho zawo zili gwa ngati chikopa cha nsapato. Sanamve kanthu.

Apo alamu anakhala pansi n'kuyamba kusaka pomwe apongozi awo amamva. Anagunditsa kamota pachala. "Apa mukumva?"

"Ndikumva iwe ukupuma."

"Nanga apa?"

"Ukundigirigisha, iwe mwana. Mkazi wako akuona."

Anakapeza malo pamkono, cham'kati, pomwe pamakhala lamba wa wotchi. Anasoka kalamba kofewa n'kukakonza kuti chinthu chikakhala patali kazigunda pang'onopang'ono, chikayandikira kazigunda mofulumira. Bambo anazungulira nako pabalaza, kulambalala tebulo, kulambalala mipando, kulambalalanso mchemwali wanga yemwe anaima dala panjira. Kenako anapempha jekete.

Apiipii anaima pageti thukuta lili kamukamu. Kwa iwo chinthu chosalira n'chakufa, moti ankangopendeketsa mutu kufuna kumva kanthu. Kunali zii. Bambo anafika pamtengo wamagetsi, anaima pang'ono, n'kuulambalala ngati akuuona. Anapatsa moni mwini golosale, ndipo nthawi ino woyamba kulankhula anali munthu osati ndodo. Pamphambano anawongola kolala n'kukhota.

Mchemwali wanga anatuluka akupukuta m'manja. "Akhotera kuti?"

Ine ndinaona, alamu anaonanso bwino lomwe. Anangokanda m'mutu.

"Sindinaone bwino, mayi a ana," anatero. "Dzuwa linali m'maso."