Tsiku la alendo tinali kumunda wa aticha

Ndikukumbukira fungo la ndowe za njovu panjira ya kusukulu ku Chifunda, ndi mame amene ankanyowetsa diresi langa mpaka m'chiuno. Ndinali giredi 3. Kunyumba tinkalankhula Chisenga, koma m'kalasi zonse zinali m'Chinyanja ndi m'Chingelezi. Aticha athu, a Banda, anachokera ku Chipata. Sanali munthu woipa, koma Chisenga sankachimva. Ana a anesi ndi a asikauti oteteza nyama zakutchire ankakhala kutsogolo n'kumayankha. Ife ena tinkangotsegula pakamwa potsanzira anzathu, ngati nsomba.

Adada anali atanena kale kuti chaka chikatha ndisanadziwe kuwerenga, ndisiye sukulu. Ndiye titamva kuti kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona ngati ana a m'chigwa chathu akuphunzira bwino, mtima wanga unadumpha. Ankati abwera ndi womasulira wa kwathu konkuno. Ine wamanyazi, woopa ngakhale kupempha mchere kwa aneba, ndinakonza mawu anga: ndikufuna buku lolankhula ngati amama. Ndinkawabwereza panjira ndekha. Amama anabwereka simbi yamakala, nandidzoza mafuta mpaka chipumi chinawala.

M'mawa wa tsikulo aticha anatiimika pamzere. Anasankha odziwa kulakatula ndi kupereka moni wa Chingelezi. Kenaka anatiyang'ana otsalafe mosowa chochita.

"Imwe, tengani zitini," anatero. "Anyani atha milisi kumunda kwanga. Mukabwere belu ikalira."

Tinapita kukalondera chimangacho. Dzuwa linatentha, mafuta aja anasakanikirana ndi fumbi. Tinaimba zitini, tikukalipira anyani m'Chisenga, ndipo iwo ankamva bwino ndithu kuposa aticha. Chapatali tinamva galimoto, kenaka nyimbo, kenaka m'manja. Ndinayamba kulira, mnzanga Tiwonge n'kumandiseka kuti ndaopa nyani wamkulu.

Belu italira tinapeza matayala okha atadinda pamchenga. Anzathu anati alendo akondwa kwambiri, ndipo asiya katoni ya mabuku. Ndinatsegula limodzi. Linkanunkhira bwino, koma silinkalankhula ngati amama.

Madzulo adada anafunsa zimene alendo ananena. Nditawauza kumene ndinali, anati:

"Ngati ndi anyani, mwana wanga, ngakhale kwathu kuno aliko."

Sindinabwererenso kusukulu. Kulemba kumene ndikulembaku ndinaphunzira ndili wamkulu, kutchalitchi.

Manje zinthu zasintha. Sukulu ili ndi malata, salipiritsa, ndipo mwana wanga Suzyo ali giredi 2. Chinyanja wachigwira msanga, ndipo ndinkaganiza kuti iye wapulumuka. Koma sabata yatha nditamuperekeza, ndinamuitana m'Chisenga kuti waiwala botolo la madzi. Anabwera akuthamanga, maso ali pansi.

"Amama, musamakambe Chisenga pano. Azandiseka."

Tsopano ndimamusiyira patali, pamene msewu ukhotera, ndipo ndimangokweza dzanja.