Bambo Ake a Telala Akana Kusamuka

Chimene chimamuwawa Telala mpaka lero n'chakuti kanema uja anapita naye yekha. Palibe anamutuma ayi. Anamukulunga m'bulangete, n'kumusenza pamutu, n'kutsetsereka naye mpaka kumunsi kwa tauni kumene kunkakhala bambo ake. Ukamufunsa za tsiku limenelo amadula ulusi ndi mano, n'kunena kuti, "Ndinadzipalira ndekha makala a moto."

Telala amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, kumtunda. Makina ake ndi akale, opalasa ndi phazi, koma msoko wake suphonya. Ndi mayi wosachedwa kupsa mtima, ndipo sabisa. Ukabwera ndi kansalu kochepa n'kumafuna diresi la manja otukumuka, amakuuza pomwepo kuti, "Mayi, ine ndimasoka, sindibereketsa nsalu." Mwamuna anamuthawa ali ndi pakati. Kamtsikana kamene kanabadwako kali ndi zaka zinayi tsopano, ndipo kamaswera pansi pa tebulo kutola tizidutswa ta nsalu.

Bambo ake ndi kalipentala wopuma. Nyumba yawo ili mumzere womaliza, m'mbali mwa mtsinje, ndipo Telala anabadwira momwemo. Ali mwana mtsinjewo unali wolekeza m'mawondo, ankachapamo yunifolomu ya kusukulu. Masiku ano mvula inasokonekera mutu. Imachedwa mpaka anthu kutopa n'kuyang'ana kumwamba, ndiye ikati ibwere imakhuthula ya mwezi wonse tsiku limodzi. Chaka chatha madzi analowa m'nyumbamo mpaka m'mawindo. Mzere wa matope ukuonekabe pakhoma ngakhale anapakapo laimu kawiri.

Telala anakonza chipinda kunyumba kwake kumtunda, anaikamo bedi, anasoka makatani. Kenako anapita kukagwada.

"Bambo, tiyeni. Mvula ikatha mudzabwerera."

"Nyumba ino ndinamanga ndi manja angawa," anatero bambo ake. "Amayi ako anatsirizikira m'chipinda icho. Ndipite kuti?"

Anatuma mlongo wake, anabwerako chimanjamanja. Anatuma abusa, anangomwako tiyi. Ndiye pa kanema panayamba sewero lina la Lamulungu masana, lonena za kusintha kwa nyengo ndi mzinda womizidwa ndi madzi. Telala anaonera gawo loyamba: mafiriji akuyandama, basi itagadabuzika, mayi akukuwa padenga. Anati basi, mankhwala ndi amenewa. Munthu wosamva za pakamwa aone ndi maso ake.

Akanadziwa!

Lamulungu lililonse pabalaza pa bambo ake pankadzaza tho. Wowotcherera zitsulo wa nyumba yoyandikana ankabwera ndi mpando wake. Mayi wogulitsa makala ankakhala pakhomo atatambalala. Aphunzitsi opuma ankafika atavala jekete ngati kuli msonkhano. Telala ankakhala pakona mwana ali pamiyendo, osayang'ana kanema koma nkhope ya bambo ake, kudikira kuti mantha awagwire.

Mantha ake ati? Wowotcherera nkhani yake inali ya mageti basi. "Geti silithyoka choncho! Amene anawotcherera limenelo ndi wakuba." Mayi wa makala maso ake anali pa tsitsi la mtsikana wa m'seweromo. "Taonani anthuni, wamira, wavuuka, tsitsi lili bwinobwino. Amalukitsa kuti ameneyu?" Aphunzitsi ankadikira nthawi yotsatsa malonda kuti afotokoze kuti utsi umene wawononga nyengo ndi wa mafakitale a mayiko olemera, osati wa mbaula ya mayi wa makalayu. Telala ankavomera mumtima kuti zimenezo ndi zoona. Koma nanga madziwo akafika pakhomo adzayamba afunsa kuti utsi unali wa yani?

Kumtunda nako sikunamupumitse. Makasitomala ake ankaonera sewero lomwelo, ndipo Lolemba ankabwera nalo pakhonde. Mayi wina, Telala akumuyeza m'chiuno, anati, "Koma anthu a m'mitsinjewa ndi osamva. Amafuna achite kuwanyamula ngati makanda?" Telala anakoka tepi mpaka mayiyo anati mayo. Bambo ake akhoza kuwakalipira iye mwini, osati munthu amene sanaonepo matope pabedi.

Choipitsitsa chinali mdala wa m'seweromo. Olemba sewerolo, kaya anadya chiyani, anaikamo nkhalamba ya chipewa chakuda yokana kusamuka. Akabwera a boma ndi galimoto, iye kuwapirikitsa ndi tsache. Akabwera mwana wake wamkazi kudzalira, iye kumuseka n'kumupatsa kansalu koti aminire. Mawu onse okoma anapatsa mdalayo. Mwana wamkaziyo anamupanga wolongolola, wa mawu olasa m'makutu, moti akangotulukira pabalaza ponse pankamveka kuti, "Wabweranso uja!" Kenako maso onse kwa Telala, n'kuseka.

Sipanapite nthawi, mzere wonse unayamba kuitana bambo ake kuti Achipewa. Iwo m'malo mokwiya anakafukula chipewa chakale m'sutikesi, n'kumakhala nacho pakhonde ngati akudikira wojambula. Ana odutsa ankakuwa, "Achipewa, musamuka liti?" Iwo n'kukweza tsache m'mwamba, msewu wonse kufa nacho chiseko. Munthu woti chaka chatha anamupeza atakwera patebulo madzi akuyenda pansi pake, lero wasanduka katswiri wa pa kanema! Telala ankabwerera kumtunda n'kumapalasa makina ngati akumenyana nawo, masingano n'kumathyoka.

Tsiku la gawo lomaliza anthu ena anachita kusuzumira m'mawindo. Telala anali ndi pemphero limodzi: mdala wa m'sewero uja afe, ndipo afe moipa. Anafadi. Koma imfa yake! Anakhala pampando wa pakhonde, malaya osita bwino, chipewa pamutu. Madzi anakwera pang'onopang'ono, oyera mbee ngati a m'botolo, nyimbo yoziziritsa mtima ikulira, iye akumwetulira. Kenako panatsala chipewa chokha chikuyandama, dzuwa likutuluka.

Mayi wa makala anapukuta misozi ndi nsalu yake. Wowotcherera anaomba m'manja. Bambo ake a Telala anagwedeza mutu, maso akunyezimira.

"Imeneyo ndiye imfa ya mwamuna," anatero.

Telala sakumbukira kuti anaimirira bwanji. Anangopezeka kuti wazula chingwe cha kanema pakhoma.

"Imfa ya mwamuna? Nonse muli muno munalipo chaka chatha. Madzi ake anali oyera choncho? Sanali a zimbudzi zonse za mzere uno, osakanikirana ndi malata odula ngati lumo, ndi agalu akufa? Inu awotcherera mukuomba m'manja, mlamu wanu tinakamupeza kuti? Si m'kalavati, atatupa, wopanda ndi kansalu komwe? Nsalu yomukulungira ndinasoka ndine, ndipo ndinachita kulumikiza ziwiri chifukwa imodzi sinakwane. Kunalira nyimbo kumene kuja? Mdala wanuyu atatha kujambulidwa anapita kukasamba madzi otentha, pano akudya kunyumba kwake. Inu mudzafa zenizeni!"

Wowotcherera ananyamula mpando wake n'kutuluka osatsanzika. Telala anadziwa kuti waponda pachilonda cha munthu wosamulakwira, ndipo zinamupweteka, koma madzi akatayika saoleka.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu," anatero bambo ake motsitsa mawu. "Tenga kanema wakoyo uzipita. Ine pano sindichoka."

Sabata yotsatira kunja kunatentha mochita kuwawa, kenako mitambo inayamba kuunjikana kumapiri, yakuda bii. Wailesi inachenjeza onse okhala m'mbali mwa mitsinje. Telala anasiya siketi ya munthu ili theka. Anaitana wangolo wa pamsika, anakweza makina, matiresi, ndowa ndi chikwama cha zovala, pamwamba pake n'kukhazikapo mwana.

Bambo ake anali pakhonde pamene ngoloyo inaima.

"Nanga izi?"

"Tabwera kudzakhala," anatero Telala akumasula chingwe. "Mwati simuchoka. Ifenso tikhala mommuno. Makina ndiika pakhonde pano, ine ndi mdzukulu wanuyu tizigona chipinda chakumtsinje chija."

"Wapenga iwe?"

"Mwina." Anatembenukira kwa wangolo. "Achimwene, tsitsani matiresiwo."

Mwana anatsika n'kuthamangira m'nyumba, akusangalala kuti agona kwa agogo. Anamveka akuimba m'chipinda muja. Mphepo inayamba kukankha malata, ndipo fungo la mvula linafika. Telala anali ndi mantha oopsa, chifukwa iye mwini sankadziwa kuti bambo ake akangoti chabwino khalani, achita chiyani.

Bambo ake anaimirira. Anayang'ana kumapiri, anayang'ana khomo limene mwana analowera.

"Mwanayu sagona muno."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndati sagona muno!"

"Ndikufunsa chifukwa, Bambo. Nenani timve."

Wangolo anangoima ndi matiresi pamutu, osadziwa kolowera. Madontho oyamba anagwa pamalata, akuluakulu, limodzilimodzi.

"Madzi ake sapereka mpata," anatero bambo ake. "Chaka chatha ndinangomva mkokomo. Ndisanapeze n'komwe nsapato, anali atafika m'chiuno. Ine munthu wamkulu ndinalephera kutsegula chitseko. Nanga kamwana aka?"

Anali asanauzepo munthu zimenezi. Telala anamva mkwiyo ukukwera m'malo motsika. Ndiye kuti ankadziwa! Miyezi yonseyi akugwedeza tsache ndi kuseketsa msewu, iye akugwada ndi kulira, ankadziwa.

Bambo ake analowa m'nyumba. Anatuluka atagwira mdzukulu wawo dzanja, bokosi la zipangizo atalikoleka paphewa. Anauza wangolo kuti abwezeretse matiresi ndipo akwezenso bokosilo. Anakiya chitseko osamuyang'ana Telala kumaso, n'kuyamba kukwera chitunda, mvula ikuwamenya kumsana.

"Usadzayerekezenso," anatero ali patsogolo, osacheuka. "Mwana samuchitira njuga. Kholo lenileni silimuika mwana wake pa zoterezi."

Telala ankakankha ngolo kumbuyo, mapazi akuterera m'matope.

"Zoona, Bambo," anatero. "Nanga ine ndine mwana wa yani?"